CIPIRIRO CA MLIMI: Phunziro la m'Kalata wa Yakobo

Inu a m'mipingo ya ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi, phunziro lathu la caka cino licokera m'Kalata wa Yakobo. Kalatayu ndi wamfupi, ali ndi mitu 5 ndi ndime 108 zokha, ndipo munthu wozolowera kuwerenga angathe kumtsiriza madzulo amodzi. Koma kumsunga ndiyo nchito ya moyo wonse. Powerenga phunziro ili mukhale ndi Buku Lopatulika pafupi, kuti mutsegule ndime iri yonse imene tiichula, ndi kudzionera nokha ngati zinthu ziri comweco.

Cimene cimanga kalata yense pamodzi ndico cipiriro. Yakobo ayamba naco pa mutu 1, natsiriza naco pa mutu 5. Ambiri a ife tikamva mau akuti kupirira, tiganiza za munthu wokhala pansi atagwira tsaya, wongolindira kuti mabvuto apite okha. Yakobo saphunzitsa cotero ai. Iye atilozera kwa mlimi, amene sangathe kugwetsa mvula, komanso sagona m'nyumba poilindira. Cipiriro ca Mkristu ndico kugwirabe nchito imene Mulungu anatipatsa, ndi mtima umodzi, pamene zipatso zisanaoneke.

1. WOLEMBA NDI OLEMBEREDWA

Kuyambira kale Mpingo wakhala ukunena kuti wolembayo ndiye Yakobo mbale wa Ambuye, wosiyana ndi Yakobo mwana wa Zebedayo amene Herode anamupha (Macitidwe 12:2). Pamene Yesu anali kuphunzitsa m'Galileya, abale ace sanamkhulupirira (Yohane 7:5). Koma atauka kwa akufa anaonekera kwa Yakobo (1 Akorinto 15:7), ndipo munthuyu anasandulika. Paulo amwerenga pamodzi ndi Petro ndi Yohane monga mizati ya mpingo wa ku Yerusalemu (Agalatiya 2:9). Ndipo pa msonkhano waukuru wa pa Macitidwe 15, umene unacitika ngati m'caka ca 49, ndiye anapereka mau omanga nkhani. Tsono taonani kudzicepetsa kwace: pa ndime yoyamba sadzitama kuti ali mbale wa Yesu, koma adziyesa kapolo wace.

Munthuyu sanalemba za mabvuto ali pamtendere. Mpingo umene anauweta unali wa amphawi. Masiku a mfumu Klaudiyo, amene analamulira ku Roma kuyambira 41 kufikira 54, njala inagwa m'Yudeya, ndipo abale a ku Antiokeya anasonkha zothandiza nazitumiza (Macitidwe 11:27-30). Josephus, wolemba mbiri Myuda amene sanali Mkristu, asimba kuti m'caka ca 62 mkuru wa ansembe dzina lace Ananus anaweruza Yakobo kuti aponyedwe miyala. Ndipo Akristu akale anasimbirana kuti maondo ace anauma ngati a ngamila cifukwa ca kugwada popempherera anthu a mtundu wace.

Olemberedwa ndiwo mafuko 12 obalalika, ndiko kunena Akristu Aciyuda okhala m'maiko a eni. Kubalalika ife tikudziwa. Agogo athu anayenda pansi kunka ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare, ndi ku migodi ya Copperbelt ndi ya ku Joni, kukafuna ndalama ya msonkho. Ena sanabwerenso, nasanduka machona. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inathawitsira anthu ambiri m'midzi yathu ya m'malire. Ena anatengedwa kukakhala ku Ukwimi, kumene kunatsegulidwa mu 1987, ndipo njira yobwerera kwao inatseguka pamene pangano la mtendere linacitika ku Rome mu 1992. A ku Vubwi, okhala pakati pa malire a Malawi ndi a Mozambique, ndi a kumwela kwa Katete ndi Sinda, adziwa comwe citanthauza kukhala ndi abale tsidya lina la malire. Kalata wolembedwa kwa anthu osauka ndi obalalika sali mlendo pakati pathu.

2. PAKATI PA MVULA ZIWIRI

Werengani 5:7-11, ndi 1:2-4, 12-15.

M'dziko la Palestina mvula yoyamba imagwa mu Okutobala kapena mu Novembala, nifewetsa nthaka kuti anthu alime ndi kufesa. Mvula yotsiriza imagwa mu Malici ndi Epulo, ndiyo imene ikhwimitsa tirigu ndi barele. Ikasowa yoyamba mbeu sizimera. Ikasowa yotsiriza ngala zikhala zopanda maso. Kuno kwathu sikusiyana kweni kweni. Tibzala mu Novembala kapena mu Disembala, ndipo ng'amba ikadza pamene cimanga ciri kumasula, mapesi aimadi m'munda, koma nkhokwe ikhala yopanda kanthu. Akuluakulu akumbukira cilala ca 1992, caka cimene tinadya ufa wa cimanga cacikasu cocokera kunja. Ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cafika pa tsoka la dziko lonse, pakuti cinakhudza maboma 84 mwa 116, nicipsereza mahekitala ngati 1 miliyoni mwa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga cimene cinabzalidwa.

Nanga mlimi amacitanji pakati pa mvula ziwirizo? Apalira, abandira, athira manyowa kapena feteleza, alinda anyani ndi nguluwe, ayang'ana mbozi m'misonga ya cimanga. Ndipo zonsezi zisanafike wacita cinthu cacikuru koposa: wasunga mbeu. Ana ali kulira njala, iye sanakazinga cimanga cobzala; anacitenga nacikwirira m'dothi, cakudya cimene akadadya tsiku lomwelo. Palibe mlimi anaona nkhokwe yodzala pa tsiku lobzala. Abzala pokhulupirira, napalira popirira.

M'Cihelene, cinenero cimene kalata analembedwamo, muli mau awiri onena za khalidwe limeneli. Loyamba, hupomone (1:3 ndi 5:11), litanthauza kukhalabe pansi pa katundu osamtaya, monga mkazi wosenza mtsuko kucokera kudambo sautula panjira. Laciwiri, makrothumia (5:7-10), litanthauza mtima wautali, wosapsa msanga, umene ife tiucha kuleza mtima. Loyamba lipirira zinthu zowawa. Laciwiri lipirira anthu ndi kucedwa kwa nthawi. Mkristu afunika onse awiri.

Yakobo atiuza kuti tikondwere pogwa m'mayesero. Sanena kuti njala ikoma, kapena kuti pamaliro tiziseka. Cokondweretsa ndico cimene mayesero abala: cikhulupiriro coyesedwa cibala cipiriro, ndipo cipiriro cikatsiriza nchito yace munthu akhwima, monga cimanga cimene calandira dzuwa ndi mvula yomwe. Makolo anati, walira mvula walira matope. Wopempha kuti akule mwa Kristu wapemphanso njira yokulira.

Koma tisiyanitse bwino kuyesedwa ndi kunyengedwa. Mulungu alola zobvuta kuti atilimbitse, koma sakokera munthu ku zoipa. Cokokera munthu ku ucimo ciri m'kati mwace, ndico cilakolako cace. Cimeneco citenga pakati, nicibala chimo, ndipo chimo likakula libala imfa. Njala imodzimodziyo ikhwimitsa wina, nipeza wina ali kuba m'munda wa mnzace usiku. Wakubayo asanene kuti Mulungu ndiye anamtuma.

Ndipo kukolola kumene Yakobo alindira sindiko kwa mu Meyi kokha ai, koma kudza kwa Ambuye (5:8) ndi korona wolonjezedwa kwa omkonda (1:12). Mkristu angataye munda wonse caka cino, osataya zokolola zimenezo.

3. MAPANGA AWIRI

Werengani 1:5-8 ndi 4:4-17.

Mdani woyamba wa cipiriro ndiye mtima wogawanika. Yakobo afanizira munthu wotere ndi funde la panyanja, limene lilibe kwao, koma linka kuli konse mphepo ilikankhira. Mwambi wathu unena cimodzimodzi: mapanga awiri abvumbwitsa. Wothamanga pakati pa phanga ili ndi ilo, mvula impeza pabwalo.

Tinene poyera, pakuti kubisa sikuciza. Masiku a mtendere tonse tioneka a mtima umodzi. Koma mwana akadwala nthawi yaitali, kapena ng'ombe zikayamba kufa m'khola, ena a ife tiyimba m'chalichi m'mawa wa Sabata, ndipo usiku tiri kwa woombeza ula. Khanda lidza ku ubatizo liri ndi cithumwa m'ciuno. Masiku ano kwadzanso phanga lina, ndilo la odzicha aneneri, ogulitsa madzi ndi mafuta, olonjeza cuma copanda thukuta ndi maciritso a tsiku lomwelo. Ndipo amasiye agulitsa mbuzi yotsiriza kukagula botolo. Muzu wa zonsezi ndi umodzi: tatopa kulindira Mulungu, ndipo tifuna wina wofulumira.

Mankhwala ace Yakobo awapereka pa 1:5. Wosowa nzeru ya kudziwa cocita m'tsoka lace apemphe kwa Mulungu, amene apatsa ndi dzanja lotambasuka, wosatonza wopemphayo kuti, Wabweranso? Ndipo pa 4:13-15 acenjeza opangana za malonda a caka camawa monga ngati moyo uli m'manja mwao. Kukonzeratu sikulakwa, wogula nshawa ku Katete kukagulitsa ku Lusaka ayenera kuwerengera. Colakwa ndico kuiwala kuti moyo wathu uli ngati nkhungu ya m'dambo, imene dzuwa likakwera yapita. Mau akuti Mulungu akalola asakhale a pakamwa pokha.

4. CIKHULUPIRIRO NDI NCHITO

Werengani 1:16-27 ndi 2:14-26.

Pano pali ciphunzitso cimene cabvutitsa ambiri. Paulo aphunzitsa kuti munthu ayesedwa wolungama pokhulupirira, osati pa nchito za cilamulo (Aroma 3:28). Yakobo aphunzitsa kuti cikhulupiriro cosabala nchito sicingathe kupulumutsa. Kodi atumwi atsutsana? Ngakhale Martin Luther anakhumudwa napo, ndipo mu 1522, potulutsa Cipangano Catsopano m'Cijeremani, anafanizira kalatayu ndi mapesi pomlinganiza ndi akalata a Paulo.

Koma tikawerenga modekha tipeza kuti awiriwa ali kuzima moto wa mbali ziwiri za mudzi umodzi. Paulo alimbana ndi oyesa kugula cipulumutso ndi mdulidwe ndi miyambo ya cilamulo. Yakobo alimbana ndi oyesa kuti kubvomereza ndi pakamwa kwakwanira. Kwa amenewa anena mau olasa: ngakhale ziwanda zidziwa kuti Mulungu ali mmodzi, ndipo zinjenjemera, koma sizipulumuka. Paulo afunsa kuti, Mtengo ukhala ndi moyo bwanji? Yankho lace ndi muzu. Yakobo afunsa kuti, Tidziwa bwanji kuti mtengo uli moyo? Yankho lace ndi zipatso.

Onani kuti Yakobo yemwe ayamba ndi cisomo. Pa 1:17-18 anena kuti zabwino zonse zitsika kwa Atate, ndi kuti Iye ndiye anatibala mwa kufuna kwace ndi mau oona. Pa 1:21 afanizira mauwo ndi mbeu yobzalidwa mwa ife. Munda sudzibzala wokha. Ndipo Paulo yemwe, atanena kuti tapulumutsidwa ndi cisomo, aonjeza kuti tinalengedwa mwa Kristu kuti ticite zabwino (Aefeso 2:8-10, Agalatiya 5:6). Katekisima wa Heidelberg, wolembedwa mu 1563, amene mipingo ya Reformed iphunzitsa, agwirizanitsa ziwirizi pa funso 64, pophunzitsa kuti munthu wolumikizidwa kwa Kristu ndi cikhulupiriro coona sangalephere kubala zipatso za ciyamiko.

Yakobo abweretsa mboni ziwiri zosiyana kotheratu: Abrahamu, kholo lolemekezeka, ndi Rahabu, mkazi wadama wa mtundu wacilendo. Onse awiri anakhulupirira, ndipo cikhulupiriro cao cinawacititsa cinthu coopsa: wina anakwera phiri ndi mwana wace, wina anabisa ozonda m'nyumba mwace. Potero palibe wamkuru wakuti nchito sizimkhudza, ndipo palibe wonyozeka wakuti cikhulupiriro cace sicingabale.

Citsanzo cace ca pa 2:15-16 ciri ngati cinalembedwa m'mwezi wa Febuluwale m'mudzi mwathu. Mlongo wafika pakhomo, nsaru yang'ambika, ana sanadye kuyambira dzulo. Mwini nyumba ampatsa mau okoma ndi dalitso, namperekeza wopanda ngakhale mbale ya gaga. Cikhulupiriro cotere Yakobo acifanizira ndi mtembo: ziwalo zonse ziripo, mpweya palibe.

5. KUMENE CIPIRIRO CIYESEDWA

Pali malo atatu m'moyo wa mpingo wa kumudzi kumene kalatayu atiyesa kolimba, makamaka caka ca njala.

Poyamba, m'nyumba ya Mulungu (2:1-9). Alowa munthu wa mphete yagolidi ndi zobvala zokongola, alowanso mmphawi wa nsanza. Woyambayo apatsidwa mpando, waciwiriyo auzidwa kukhala pansi. Tidzifunse: wobwera pa galimoto kucokera ku tauni ndi nkhalamba yoyenda pansi kucokera kumudzi wakutali, kodi tiwalonjera mofanana? Posankha akulu a mpingo, kodi tiyang'ana moyo wa munthu kapena kukula kwa khola lace? Pa mlandu wa mpingo, kodi mwana wa wolemera ndi mwana wamasiye aweruzidwa ndi muyeso umodzi? Yakobo acicha tsankhu limeneli chimo, osati ulemu.

Kaciwiri, kumunda (5:1-6). Yakobo adzudzula eni minda amene abisa malipiro a ochera tirigu wao, nati malipirowo ali ndi mau, ndipo kulira kwa anchito kwafika kwa Ambuye wa makamu. Cilamulo ca Mose cinalamula kuti wolembedwa nchito wosauka alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe (Levitiko 19:13, Deuteronomo 24:14-15). Tisaganize kuti mau awa ali a eni mapulazi akuru okha. Caka ca njala wosauka asiya munda wace uli ndi udzu, nanka kukapalira wa mnzace kuti apeze ufa wa tsiku limodzi. Potero munda wace ucepa zokolola, ndipo caka cinaco ali paganyu ndithu. Mkristu wokhala ndi cimanga m'nkhokwe akaona kuti aganyu acuruka, nacepetsa mbale yoyesera, kapena kuonjeza mizere pa mtengo womwewo, kapena kunena kuti, Mubwere mawa, pamene ali naco copereka, ndiye amene Yakobo amnena. Momwemonso wogula thonje, soya kapena nshawa ndi sikelo yonyenga. Wosauka aitanidwa kupirira. Koma wolemera asayese cipiriro ca mnzace ngati cilolezo ca kumdyera.

Kacitatu, pakamwa (3:1-12, 4:11-12, 5:9). Yakobo afanizira lilime ndi kacitsulo ka m'kamwa mwa kavalo, ndi tsigiro la ngalawa, ndi kamoto koyatsa thengo lonse. Ici cotsiriza ticidziwa. Mnyamata wosaka mbewa m'mwezi wa Sepitembala ayatsa kamoto kamodzi, ndipo pofika madzulo udzu wofolera wa mudzi wonse wapsa, kapena nkhokwe zomwe. Palibe moto woopsa m'midzi yathu woposa mau akuti, Uje ndi mfiti. Max Marwick, amene anakhala pakati pa Acewa a kuno kum'mawa mu 1946 ndi 1947, ndiponso mu 1952 ndi 1953, nasindikiza buku lace mu 1965, anapeza kuti kunenezana ufiti kunali kucitika kawirikawiri pakati pa abale a bele limodzi. Si mlendo amene timneneza, koma atsibweni, agogo, mlongo. Mau amodzi onenedwa pamaliro apasula mudzi, nathamangitsa nkhalamba m'nyumba imene inamanga ndi manja ace. Yakobo afunsa ngati kasupe mmodzi angatulutse madzi okoma ndi owawa omwe. Pakamwa poyimba nyimbo za Mulungu m'mawa sipayenera kutemberera madzulo munthu wolengedwa m'cifanizo cace. Ndipo zindikirani kuti cenjezo la kudandaulirana (5:9) liri pakati peni peni pa ndime za mlimi. Mvula ikacedwa, mitima ifupika, ndipo anthu afuna wina womsenzetsa mlandu. Woleza mtima ndi Mulungu alezanso mtima ndi mbale wace.

6. ODWALA NDI PEMPHERO

Werengani 5:13-20.

Wodwala aitane akulu a mpingo, ampempherere ndi kumdzoza mafuta m'dzina la Ambuye. Onani zinthu zitatu. Woitanidwa si mlendo wodzigulitsa, koma akulu odziwika a mpingo wace. Mphamvu siiri m'mafuta, koma mwa Ambuye amene autsa munthu. Ndipo palibe mtengo wochulidwa.

Masiku amenewo mafuta a azitona anali mankhwala wamba a zilonda, monga tiona kwa Msamariya uja (Luka 10:34). Cifukwa cace pemphero ndi cipatala sizilimbana. Mipingo yomwe imene inatiphunzitsa kupemphera ndiyo inamanga cipatala ca ku Nyanje m'boma la Sinda, ndi ca St Francis ku Katete, cimene cinayamba mu 1948. Wouza wodwala cifuwa cacikuru, kapena wakumwa mankhwala a kacirombo ka HIV, kuti ataye mankhwala ace poonetsa cikhulupiriro, saphunzitsa za Yakobo. Ali kuyesa Mulungu ndi moyo wa mnzace. Kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku, mwezi ndi mwezi, ndi kupempherabe, ndico cipiriro ca mlimi.

Eliya achulidwa kuti tilimbike mtima. Anali munthu monga ife, wodziwa mantha ndi kutopa. Anapemphera, ndipo mvula inaleka zaka 3 ndi miyezi 6, napempheranso, niigwa. Pa 1 Mafumu 18 tiwerenga kuti mnyamata wace anabwerera kukayang'ana kunyanja kufikira kasanu ndi kawiri asanaone kamtambo. Nayenso Yobu achulidwa, amene analira ndi kufunsa mafunso owawa, koma sanamleka Mulungu. Kupirira sikuletsa misozi.

Kalata atha ndi nchito ya kubweza wosocera. M'mpingo uli wonse muli maina a anthu amene analeka kusonkhana caka ca mabvuto, ena cifukwa ca manyazi a usiwa, ena cifukwa ca kudulidwa. Mlimi saleka phando limene mbeu sinamere, abwerera napakiza.

7. AMENE ANABZALA TISANABADWE

Mpingo wa dziko lino ndiwo umboni wa ciphunzitso cimeneci. Mu Januwale 1898 asilikari a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo dziko linali m'cisoni ndi cipasuko. Pa 5 Julaye 1899 abusa Hofmeyr ndi P.J. Smit, a Dutch Reformed Church, anayamba nchito ku Magwero. Panatsata Madzimoyo mu 1903, Nyanje mu 1905, ndi Nsadzu mu 1908, m'dziko la Chadiza, limene boma la Vubwi linapatukako mu 2012. Misyoni ya ku Katete inadza mu 1944. Buku Lopatulika lathunthu m'Cinyanja linasindikizidwa mu 1922. Kufikira pamenepo Akristu oyamba anakhala zaka zoposa 20 ndi zigawo zace zokha.

Mbusa woyamba wa dziko lino mu mpingo umenewo, Justo Mwale, anadzozedwa mu 1929, patapita zaka 30 cibzalire mbeu ku Magwero. Umwini, pamene mpingo unayamba kudzilamulira wokha, unadza mu 1966, patapita zaka 67, ndipo mu 1968 unachedwa Reformed Church in Zambia. Ambiri amene anapalira munda umenewu sanaona kukolola. Ndipo ocuruka a iwo sanali Azungu ai, koma aphunzitsi ndi alaliki a m'midzi, amuna ndi akazi a mtundu wathu, oyenda pansi ndi buku m'thumba, amene maina ao adziwika kumwamba. Ife tiri kudya za m'munda wao. Funso liri kwa ife: kodi adzukulu athu adzapeza mbeu imene tawasungira, kapena tidzaikazinga caka ca njala?

8. KAWERENGEDWE NDI MAFUNSO

Tipempha akulu a mpingo, a cigwirizano ca amai ndi atsogoleri a acinyamata kuti agawe kalatayu pa miyezi isanu ya dzinja, mutu umodzi mwezi uli wonse: mutu 1 mu Novembala pobzala, mutu 2 mu Disembala popalira, mutu 3 mu Januwale, mutu 4 mu Febuluwale pamene njala ikula, ndi mutu 5 mu Malici polindira mvula yotsiriza. Muwerenge mokweza, cifukwa ca iwo osadziwa kuwerenga ndi a maso ofooka. Musafulumire, kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo pokumbukira fanizo la kalirole (1:22-25), msonkhano uli wonse usathe musanapangane cinthu cimodzi cocita sabata lomwelo.

(a) Kodi kupirira kwa mlimi kusiyana bwanji ndi ulesi?

(b) Fotokozani m'mau anu cifukwa cace Paulo ndi Yakobo satsutsana.

(c) M'dera lanu, ndi amasiye ndi ana amasiye angati amene minda yao sinapaliridwe? Adzapita ndani, ndipo tsiku liti?

(d) Malipiro oyenera a ganyu caka cino ndi otani, ndipo Akristu a mudzi wanu angapangane ciani kuti asawacepetse?

(e) Wina akanenezedwa ufiti pamaliro, mkuru wa mpingo ayenera kucitanji pomwepo?

(f) Ndani analeka kusonkhana nanu, amene palibe anamyendera?

PEMPHERO

Atate wathu wa Kumwamba, Inu mwini mvula ndi dzuwa, munabzala mau anu mwa ife pamene sitinakufunani. Mutipatse mtima umodzi, kuti tisathamangire mapanga ena pamene Inu muoneka ngati mwacedwa. Mulimbitse manja athu pa khasu limene mwatipatsa. Musunge pakamwa pathu, kuti pasayatse moto m'mudzi. Mutsegule nkhokwe zathu kwa anjala, ndi maso athu kwa osocera. Ndipo mutisunge m'cikhulupiriro kufikira tsiku la kukolola kwakukuru, mwa Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.